Duwa la pa Lupsa

Matabwa awiri aja ndikadali nawo. Ndi a mlombwa, osapala bwino, ndipo mphira za chubu cha njinga zimene tinkawamangira zinauma kalekale moti ukazigwira zimayoyoka. Ana anga akhala akufuna kuwasandutsa chodulirapo anyezi. Ndimawaletsa mwaukali wopitirira muyeso, iwo n'kumangoyang'anana. Pakati pa matabwa amenewa m'pamene amayi ankapanikizira masamba ndi maluwa, chilimwe chimene tinakakhala kwa amalume ku Tembwe, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa.

Ndinali mu Giredi 4. Amayi anali telala ku Chipata, koma chaka chimenecho makina awo osokera anali ataphimbidwa ndi chitenje. Ine anandiuza kuti tikupita kumudzi kukapuma, ndipo ndikaphunzira pasukulu ya komweko mpaka mvula itayamba. Chimene sanandiuze n'chakuti kuchipatala anali atawauza kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo zimene zazima sizidzabweranso. Anapita ku Tembwe kukaona chinthu chimodzi maso asanatheretu: duwa lina limene analiona ali mtsikana, m'mphepete mwa dambo la kuseri kwa munda wa makolo awo. Dzina lake sankalidziwa. Ankangoti limatuluka m'nthaka lopanda tsamba ngakhale limodzi, ndipo pa zomera zonse zimene anatola moyo wawo wonse, limeneli lokha ndi limene linawapulumuka.

Kutola zomera anakuyamba ali pasukulu ndipo sikunawachoke. Ena amaweta nkhunda, amayi ankaweta masamba ouma. Kunyumba kwathu ku Chipata makatoni a masamba anali pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, ngakhale m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Palibe amene ankawalipira kapena kuwatuma. Ankangofuna kudziwa kuti kanthu kalikonse kanapangidwa bwanji.

Tisananyamuke, amayi anatumiza mawu kwa amalume kuti awasungire malo aja a kudambo. Amalume anali munthu womva mawu ndi thupi lonse. Ukawapempha madzi akumwa ankabwera ndi ndowa. Mmawa wotsatira tsiku limene tinafika anatitsogolera kudambo, khasu lili paphewa, akuyenda ngati munthu amene wabisa mphatso. Tchire lonse la m'njira linali litapsa kale, monga limapsera chaka chilichonse. Phulusa linkatinyererera m'zala za kumapazi. Kenaka tinafika pamalo amodzi pamene udzu unali chiimire, wouma, wautali kuposa amalume. Anali atalambula mozungulira monse kuti moto usalowe, ndipo chilimwe chonse ankathamangitsa anyamata osaka mbewa amene ankafuna kuyatsa.

"Adumbu, onani," anatero. Amalume ankawaitana amayi choncho, monga mwamuna amaitanira mlongo wake kumeneko. "Nakusungirani. Olo kamoto kamodzi sikanapitepo."

Amayi anagwira udzu uja, n'kuupapasa kuyambira pansi mpaka pamene mkono unalekezera. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi paphulusa ndi chitenje chawo chatsopano.

"Duwa lija limamera pa lupsa," anatero atapuma. "Popanda moto silituluka."

Lupsa ndi malo amene tchire lapsa. Amalume anabadwira pa lupsa, ankalidutsa tsiku ndi tsiku, koma maluwa sanali chinthu chimene mlimi wa chimanga amaweramira. Anatsitsa khasu pang'onopang'ono. "Manje ine nachita chani?" Nkhope imene anali nayo sindinaiiwale. Ine ndinaseka nawo amayi, poganiza kuti ndi nthabwala chabe. Lero ndikaganiza za kuseka kuja ndimamva chisoni, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti chaka chamawa chidzakhala chochedwa.

Tinayamba tafufuza m'malo ena amene anapsa msanga. Kumeneko maluwa anali atatha kale. Tinkangopeza mitu yake youma, yozungulira, yopepuka, ikugubuduzika ndi mphepo. Ndiye panatsala malo a amalume okha.

Kuyatsa udzu wotero m'mwezi wa Okutobala si masewera, pakuti nkhokwe za anthu sizinali kutali. Amalume anayenda khomo ndi khomo kupempha anzawo. Anasonkhana m'mamawa mphepo isanadzuke, aliyense atagwira nthambi yaiwisi ya chitimbe yozimitsira. Anyamata a mbewa aja anabwera osaitanidwa, makasu ali m'manja, akuwayang'ana amalume ngati anthu amene apambana mlandu. Moto unalira ngati chimanga chokazinga. Mbalame zakuda zamchira wa mphanda zinkawulukira mu utsi momwemo kugwira ziwala. Dzuwa lisanakwere, mphatso ya amalume inali phulusa lokhalokha.

Tsopano kunatsala kudikira, koma nthawi sinali yathu. Mvula ikayamba kuchigwa, mitsinje imadzaza ndipo magalimoto amaleka kubwera. Amayi ankayembekezeredwa kuchipatala ku Chipata, ndiye tinayenera kuchoka ndi lole yomaliza yonyamula mpunga, duwa lituluke kapena lisatuluke.

Masiku athu anayamba kufanana. Kukacha tinkapita ku lupsa kukaona ngati nthaka yang'ambika penapake. Sitinkapeza kanthu. Ine ndinkathamangira kusukulu mapazi ali bii. Ndikaweruka tinkadikira dzuwa lipendeke, pakuti kutentha kwa kumeneko kumakhala ngati munthu wakukhalira pamutu, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa. Kenaka tinkatenga dengu, mpeni wakale ndi kamtengo kokumbira, n'kulowa m'tchire. Amayi ankatola chilichonse: maluwa akuda mofiirira a mvunguti amene amagwa usiku n'kumanunkha ngati chinthu chovunda, masamba atsopano a tsanya onga mapiko a gulugufe, timaudzu ta m'mbali mwa mtsinje wouma, pamene njovu zinakumba zitsime ndi mapazi awo. Ankafikisa tsamba m'zala, n'kulinunkhiza, nthawi zina n'kuligunda ndi nsonga ya lilime. Akatero ankandipatsa ine.

"Niuze, uona chani?"

Mawu amenewa ndinawamva chilimwe chonse mpaka ndinatopa nawo. Ndikati n'lokongola, ankati kukongola si yankho. Ndikati n'lobiriwira, ankafunsa kuti kubiriwira kwa chiyani, kwa mango osapsa kapena kwa ndere za pachitsime. Ndinayenera kunena ngati m'mphepete mwa tsamba muli mano, ngati kunsi kuli ubweya, ngati masamba akhala moyang'anana kapena motsatizana. Ine ndinkaona ngati ndili ndi sukulu ziwiri, ndipo ya m'tchire inali yovuta kuposa ya m'kalasi. Komabe ndinayamba kuchita chidwi. Ndinazindikira kuti udzu umene ndinkaupondaponda uli ndi maluwa akeake, ting'onoting'ono, tolendewera ngati ndolo.

Madzulo tinkamasula matabwa aja n'kusintha manyuzipepala, chifukwa ukachedwa masamba amachita nkhungu. Achinyezi tinkawayanika padenga la nkhokwe titawatsindika ndi miyala. Chiswe chinatidyera mtolo wathunthu sabata yoyamba, ndiye amalume anapachika matabwawo ndi waya kumtanda wa denga. Zomera zikauma, amayi ankazisokerera pa makatoni ndi ulusi woyera. Kulowetsa ulusi m'singano inali ntchito yanga. Ndinkanyadira, poganiza kuti akundiphunzitsa utelala.

Manyuzipepalawo ankachokera kwa aphunzitsi anga, bambo wochepa thupi amene boma linamutumiza kuchokera ku Kitwe, ndipo ankadandaula za kutentha ngati ndife tinakubweretsa. Iwo ndi amene anabwereka amayi galasi lokulitsa zinthu la m'bokosi la sayansi. Tsiku limene anabwera nalo anaona mmene amayi analiyandikizira kudiso, ndipo anangoti, "Musafulumire kubweza, mayi." Anthu ena a m'mudzi ankaganiza kuti amayi ndi sing'anga. Mayi wina anabwera ndi mwana wa chifuwa kudzapempha mankhwala. Amayi anamulozera njira ya kukiliniki, n'kumuuza kuti iwo masambawo amangowayang'ana. Mayi uja anafunsa kawiri konse: "Kuyangana chabe?"

Tsiku lina pafupi ndi mtsinje, amayi anatambasula dzanja kuti athyole nyemba zimene zinkalendewera pachitsamba. Ndinakuwa, koma anali atagwira kale. Chinali chitedze. Mwana aliyense wa kuchigwa amachidziwira patali, ndipo amayi eniakewo ndi amene anandichenjeza za icho tsiku loyamba. Dzanja linatupa, ankalikanda mpaka misozi. Amalume analipukuta ndi mchenga ndi phulusa osaseka n'pang'ono pomwe, iwo amene sankalephera kuseka munthu. Ine ndinkawaseka amayi mumtima kuti katswiri wagwa m'mbuna. Kuyambira tsiku limenelo amalume anayamba kutiperekeza, akunamizira kuti akuopa njovu.

Mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, kutsidya kwa Luangwa. Madzulo kunkachita mphezi zopanda mawu. Lupsa lija linayamba kumera timaudzu tobiriwira tosongoka ngati singano, mbuzi n'kulizindikira, amalume n'kuyambanso ntchito yawo yothamangitsa. Woyendetsa lole anatumiza mawu kuti abwera kamodzi kokha. Amayi anayamba kumanga makatoni. Sankadandaula, koma analeka kuimba posintha manyuzipepala. Amalume ankapita ku lupsa kukacha, masana ndi madzulo, ndipo ndinawapezapo atagwada, akukanda nthaka ndi chala ngati munthu wofuna kudzutsa mwana.

Linatuluka kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke. Amalume anabwera akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja. "Adumbu! Adumbu, bwerani manje manje!" Ine ndinanyamula matabwa, mphira, mpeni ndi manyuzipepala, n'kuwatsatira.

Linali lokhalokha pakati pa nthaka yakuda, lalifupi, losafika m'bondo langa. Amayi anagwada, n'kuliyandikira mpaka mphuno inaligunda. Anaika galasi la aphunzitsi padiso limodzi, kenaka pa linalo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anaika galasi pansi.

"Niuze, uona chani?"

Ndinawauza. Phesi lake n'lonenepa, lophwatalala ngati chala chachikulu cha amalume. Masamba palibe. Pamwamba pali mpira waukulu ngati mutu wa khanda, koma si duwa limodzi, ndi timaluwa tambirimbiri, kalikonse pa kaphesi kake, tonse tochokera pamalo amodzi. Timasamba ta duwa n'topyapyala, topindikira kumbuyo. Pakati patuluka tiulusi tatitali, ndipo kunsonga kwa kalikonse kuli kaufa.

"Mtundu?"

"Lofiira."

"Kufiira kwa chani?"

Ndinaganiza. "Kwa mkati mwa gwafa wakupsa. Koma kumunsi kwake n'kwa chilonda chikamapola."

Amayi anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndibwereze kuyambira pa phesi. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso, pang'onopang'ono. Milomo yawo inkayenda pamodzi ndi yanga.

Patapita zaka, maso atazimiratu, amayi anandiuza kuti tsiku lija anangoona banga lofiirira pakati pa mdima, ngati dontho pa nsalu yakuda. Zina zonse anazitenga m'kamwa mwanga. Mpaka kumwalira kwawo, mlendo aliyense akafunsa za makatoni aja, ankamufotokozera duwa la ku Tembwe, chala cha amalume, gwafa ndi chilonda, mawu a mwana wa Giredi 4 osasintha ngakhale limodzi. Ankawonjezanso kuti amalume akanapanda kulakwitsa, duwalo likanatuluka ndi kufota ife tisanafike.

Koma tsiku limenelo ine sindinkadziwa zimenezi. Ndinamasula mphira, ndinayala nyuzipepala yatsopano pathabwa, n'kuwapatsa mpeni. Amayi anabweza dzanja langa.

"Lisiye. Nalitenga kale."

Ndinayang'ana m'manja mwawo, munalibe kanthu. Tinabwerera kumudzi mabingu akugunda kutsidya kwa mtsinje, amayi atagwira chigongono cha amalume, amalume akumina pafupipafupi n'kumanena kuti phulusa lawalowa m'mphuno. Ine ndinali m'mbuyo, matabwa opanda kanthu ali pamutu, nditakwiya kwambiri. Tinatentha tchire, tinadikira masabata onsewo, tinasokerera ngakhale udzu wamba pa makatoni, ndipo duwa limene tinabwerera tinalisiyira mbuzi. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti ndinayankha chiyani molakwa kuti andibwerezetse kangapo konse.