Chilimwe Chimene Ndinali Maso a Bambo

Mpaka lero fungo la asidi wa m'batire sindiliiwala. Linkadzaza ofisina yathu ku Msumba, kachipinda ka malata komwe bambo ankatchajira mabatire a asodzi, kukonza mawailesi ndi kuwotcherera ndowa zobooka. Ntchitoyi anaiphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo, ndipo titabwerera anthu ankangowatchula kuti a Mestre, kutanthauza mmisiri m'Chipwitikizi.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, chilimwe chitangoyamba, batire lina linawaphulikira kumaso. Mabala anapola, koma m'maso munatsala chifunga. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, ndipo waya wofiira ndi wakuda sankawasiyanitsa. Amayi anatseka chitseko n'kundiuza kuti nkhaniyi isatuluke, chifukwa palibe angapereke nyumba yake kwa wamagetsi wosaona. Ife tinalibe munda, tinalibe ukonde.

Choncho ndinasanduka maso awo. Popita kuntchito ine ndinkagwira chiwongolero cha njinga, iwo n'kugwira chishalo ngati akundithandiza kukankha. Tikafika ndinkaima pafupi n'kumawanong'oneza mtundu wa waya uliwonse. Ndinkakhulupirira kuti ndikalakwitsa kamodzi kokha, bambo auma pomwepo ngati usipa pathandala. Chakudya chinasiya kulowa. M'kalasi ndinkangoyang'ana malaya a anzanga n'kumatchula mitundu yake chamumtima, kuti lilime lisadzandipusitse.

Tsiku lina anatiitana a Dona Filomena a ku Chiwanga, amene anali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zinayi, kuti tikonze sola wawo. Mchenga unkaotcha kuphazi, malata ankathetheka ndi dzuwa. Mawaya awo anali akale, dzuwa litawasulutsa onse awiri mpaka kukhala ngati phulusa. Ndinayang'ana, ndinapukuta ndi malovu, osaona kusiyana. Mayiwo anali ataima pakhomo, ndiye kufunsa sindikanatha. Ndinangolota kuti wofiira ndi uti.

Bambo atalumikiza, moto unathetheka, wailesi ya mayiwo n'kutulutsa utsi wonunkha pulasitiki. Ine ndinadzikodzera pang'ono, sindibisa. Bambo sanagwe. M'malo mwake anandikalipira mokweza kuti ndawagunda mkono, kuti ndine chitsiru chosadziwa kuima pantchito. Mtima wapachala ndinabadwa nawo. Miyezi iwiri ya mantha inakwera kumutu nthawi imodzi, ndipo ndinakuwa kuti, "Sindinakugundeni ine! Inuyo ndi amene simuona!"

Ndinaona dzanja la bambo likufufuza pulayala pansi, likuiphonya. Ndinkadikira kuti atiuze tinyamule zida zathu.

A Dona Filomena anatsokomola. "A Mestre, sabata zitatu buku la nyimbo mwakhala mukuligwira chadodolido kutchalitchi. Ndani sakudziwa? Ine ndaitana manja anuwo. Malizani."

Anatuma mtsikana wawo kukagula waya watsopano, wofiira weniweni, ndipo tinamaliza dzuwa lisanapendeke. Pobwerera bambo sanandimenye. Anagwira phewa langa m'malo mwa chishalo, anthu akuona.

Ofisinayo ndikuiyendetsa ine tsopano, ndi anyamata atatu amene amadandaula kuti ndimakalipa. Ndikudziwa kuti batire la doze volti, mavolti khumi ndi awiri, silingaphe ngakhale nkhuku. Chilimwe chonsecho ndinkalondera moyo umene sunali pangozi. Chimene bambo ankaopa kuti chifa chinali dzina lawo, ndipo pa anthu onse a m'mbali mwa nyanja, amene analigwetsa pansi ndinali ine ndekha.