Holide Imene Ndinaphunzitsa Amayi Mwano

Bukulo linali lofiira, lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndipo linkanunkha chinyezi ndi mafuta okazingira. Pachikuto panali zilembo za Chitchaina zokhazokha, kupatula mawu awiri a Chingerezi otiuza kuti nkhani yake ndi ya kumvetsera ndi kuwerenga. Kumbuyo, m'kathumba ka pulasitiki, munali masidi anayi. Analitola ndi amalume. Ku Leicester mwezi wa Juni ukafika, ana a ku yunivesite amabwerera kwawo n'kusiya katundu m'mphepete mwa msewu, ndipo amalume, amene ankanyamula makatoni ku weyahausi ina, nyumba yosungiramo katundu, ku Corby, ankakhulupirira kuti kudutsa katoni yosiyidwa osasuzumiramo ndi tchimo. Tsiku limenelo anabwera ndi ketulo yopanda chivundikiro, nsapato imodzi, ndi bukulo. Ketuloyo inatitumikira zaka zinayi. Nsapato ija tikudikirabe inzake.

Amalume anapita nalo bukulo kwa mayi wa Chitchaina wogulitsa tchipisi pakona kuti atiuze chimene tatola. Mayiyo anatsegula tsamba limodzi n'kulikankhira kwa amalume ngati galu amene anawalumapo kale. Anati ndi buku lophunzirira Chingerezi la ana a chaka chomaliza cha sekondale kwawoko, okonzekera mayeso aakulu olowera ku yunivesite, ndipo iwo sakufuna kulionanso pamoyo wawo. Amalume anabwerera akumwetulira. “Ngati likuopseza eni ake, ndiye kuti n'lamphamvu,” anatero, n'kuliika patebulo pamaso pa amayi.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ku Malawi amayi anali nesi, woti usiku umodzi ankatha kubereketsa azimayi atatu. Kuno ku England ankagwira ntchito ya keya, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba, osaloledwa ngakhale kubaya jakisoni. Kuti avalenso yunifomu ya unesi ankayenera kukhoza mayeso a Chingerezi, ndipo anali atalephera kawiri. Kulankhula ankakhoza, kulemba ankakhoza, kuwerenga ankakhoza. Gawo lomvetsera ndi limene linkawagwetsa. Anali ndi wotchi ya anesi, ija yokoleka pachifuwa imene nkhope yake imayang'ana mwini wake, ndipo inkakhala m'kabati ya mbale, ikuyenda popanda woifunsa nthawi. “Kachitatu ndi komaliza,” anatero amayi. “Ndikagwanso, wotchi iyi ndiitumiza kwa mwana wa msuweni wanga amene akuphunzira unesi ku Zomba. Ine ndizisambitsa okalamba mpaka tsiku lodzasambitsidwa ineyo.”

Sukulu inatsekera, ndipo ine ndinasankhidwa kukhala woyang'anira mayeso. Chisankhocho chinali chophweka, popeza panyumba ndine ndekha ndinkadziwa batani la pawailesi lobwezera sidi kumbuyo. Ndiyenera kunena pano kuti umenewu ndi udindo waukulu kwambiri wa zamaphunziro umene ndakhalapo nawo. Koleji ndinapitako, chaka chimodzi ndi theka, nthawi yokwanira kudziwa kumene kuli kantini. Koma holide imeneyo ndinali mphunzitsi wamkulu, wokhala ndi cholembera chofiira ndi wotchi ya nesi m'dzanja.

Tinkayamba masana, amayi akaweruka shifiti ya m'mawa. Windo la kukhitchini linkakhala lotsegula, fungo la adyo ndi tsabola la aneba likulowa, galimoto ya ayisikirimu ikuimba kanyimbo kake kamodzimodzi kumunsi kwa msewu. Manja a amayi ankanunkha sopo wa kuntchito. Ndikadina batani, kunkayamba mawu a mwamuna wolankhula Chitchaina mothamanga, ndipo tinkawalandira titaweramitsa mitu ngati pemphero la mpingo wina. Kenako kabelu. Kenako mwamuna ndi mkazi a Chingerezi chosalala, anthu amene moyo wawo wonse unali kuphonya sitima, kuiwala ambulera ndi kubweza mabuku ku laibulale mochedwa. Akatha, pankabwera funso lokhala ndi mayankho atatu, ndi masekondi khumi osankhira.

Pa mafunso makumi awiri amayi ankapeza asanu ndi anayi, tsiku labwino khumi. Ine ndinkachonga modzitukumula, lilime lili panja. Ndinkaganiza kuti vuto ndi makutu awo, choncho ndinkawabwerezera mawuwo mokweza ndiponso pang'onopang'ono, monga mmene azungu ena ankawalankhulira m'basi. Lero ndikakumbukira zimenezo ndimafuna kumukoka khutu mwana uja. Amayi sanamukoke. Ankangoti, “Bwezeraninso, aphunzitsi.”

Patebulopo sitinali awiri okha. Mwini bukulo anali atasiya zizindikiro za pensulo patsamba lililonse: mizere pansi pa mawu ena a m'funso, manambala opendekera m'mphepete, ndi timphaka. Akakhoza ankajambula kamphaka koseka, akalakwa kamphaka kolira. Dzina lake linalipo koma sitinkatha kuliwerenga. Amayi anagamula kuti ndi mtsikana, n'kumutcha mtsikana wathu. Ankamupempherera kuti akhoze mayeso ake. Nditawauza kuti munthu amene anafika mpaka ku yunivesite ya ku Leicester ndiye kuti anakhoza kalekale, anandiyang'ana n'kunena kuti pemphero silitha ntchito ngati mkaka.

Chinsinsi ndinachitulukira sabata yachitatu, ndipo ndikupempha kuti mbiri ilembe kuti ndinachitulukira ndekha. Mkazi wa m'wailesi anauza mwamuna uja kuti sakwanitsa kukumana naye kota pasiti fili chifukwa akuperekeza bambo ake kuchipatala, ndiye akumane folo koloko. Funso linali lakuti akumana nthawi yanji. M'malo moyang'ana wotchi, tsiku limenelo ndinayang'ana amayi. Anali ataika cholembera pansi, manja atawapinda pamiyendo, mutu atapendeketsa, maso ali pansi. “Aa, pepani mayi,” anatero chapansipansi. Kabelu katalira anatembenukira kwa ine. “Sananene kuti bambowo akudwala chiyani?”

Ndinayang'ana m'mphepete mwa tsamba. Mtsikana wathu anali atalemba nthawi yoyamba ija, n'kuikhwatcha, n'kulemba yachiwiri, zilembo zitagwera kutsogolo ngati munthu wothamangira basi. Iye ankalemba anthuwo akulankhula. Amayi ankadikira kuti anthuwo amalize, monga mmene munthu woleredwa bwino amachitira, ndipo pomaliza ankakhala atagwira chisoni chonse cha nkhaniyo, koma nambala itathawa.

Ndinawauza m'Chingerezi, chifukwa masiku amenewo Chichewa ndinkachimva koma ndinkayankha m'Chingerezi ngati bwana wa kampani. Ndinati azilemba anthuwo akulankhula.

“Munthu akulankhula, ine ndizikanda papepala? Iwe unaleredwa ndi ndani?”

“Ndi inu.”

Ndinapulumuka chifukwa tebulo linali lalikulu.

Komabe anayesa. Sabata yonse anayesa. Ankayamba atagwira cholembera mwamphamvu ngati khasu, koma mkazi wa m'wailesi akangotsitsa mawu, cholemberacho chinkagona chokha patebulo ndipo manja ankabwerera pamiyendo. Amalume anabwera ndi tepi ya makatoni ya kuntchito n'kumangirira cholembera kuzala zawo. Amayi anapinda manja ndi cholembera chomwe. Lachisanu la sabata imeneyo anapeza asanu ndi atatu. Sanati bwezeraninso. Anadzuka, n'kutenga emvulopu yokhuthala ija yotumizira zinthu zosweka, n'kulembapo adiresi ya ku Zomba ndi zilembo zazikulu, n'kuiika pamwamba pa firiji. Wotchi anandisiyira m'dzanja, koma tonse tinadziwa kuti ikungodikira ulendo. Emvulopuyo inakhala pamenepo masiku atatu, ndipo aliyense wofuna mkaka ankatsegula firiji maso ali kumbali.

Amene anatipulumutsa ndi amalume, ali chigonere pasofa podikira basi ya shifiti yawo, nsapato zachitsulo kutsogolo zili m'mapazi.

“Achemwali, kuchipatala kuja dokotala akamayenda mu wodi n'kumatchula mankhwala, munkapinda manja?”

“Ndipinde manja? Ukapinda manja wodwala afa. Ndinkalemba.”

“Dokotala akulankhula? Mwano umenewo!”

“Achimwene, imene ija ndi ntchito.”

“Ndiye anthu a m'wailesiwa mwawalandira ngati alendo. Muwapatsa ndi tiyi yemwe. Asandutseni madokotala.”

Atatero anagona tulo. Nzeru zawo za chaka chimenecho zinathera pomwepo, ndipo sabata yotsatira anabweretsa televizhoni yopanda galasi.

Amayi anandituma kuti nditsitse sutikesi pamwamba pa wodirobu. Pansi pa zitenje panali yunifomu yoyera, yopindidwa bwino, yonunkha mankhwala a njenjete. Inali itawachepera, mabatani awiri anakana kugwirizana nawo, koma anaivala. Anandilanda wotchi n'kuikoleka pachifuwa. Anatenga thabwa lodulirapo anyezi, n'kupanikizapo pepala ndi chopanira zovala. Sanakhalenso pampando. Ine ndinalamulidwa kunyamula wailesi n'kumayenda nayo pang'onopang'ono kuchokera patebulo kupita pasofa, pasofa kupita pawindo, iwo akunditsatira pambuyo. Amalume anakhala wodwala wa pabedi loyamba osadziwa, ndipo ankaliza mkonono mogwirizana ndi udindo wawo.

Kabelu katalira, nkhope ya amayi inasintha. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Maso anathamanga pafunso mwamuna uja asanatsegule pakamwa, cholembera chinakhwatcha mzere pansi pa mawu awiri monga ankachitira mtsikana wathu, ndipo mkazi uja atayamba kudandaula za sitima, amayi analemba nambala osamumvera chisoni ngakhale pang'ono. “Wotsatira,” anatero, osandiyang'ana. Anapeza khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinawerenga kawiri, ndikufunafuna powachotsera, koma ndinalephera. Amayi anatenga pensulo n'kujambula kamphaka m'mphepete mwa tsamba. Kankaoneka ngati mbuzi, koma kankaseka.

Masabata atatu otsalawo tinayenda mu wodi yathu masana aliwonse. Aneba a kutsidya kwa msewu ankationa pawindo: mwana wanyamula wailesi yolankhula Chitchaina, nesi akumutsatira ndi thabwa la anyezi. Sanafunse. Ku England anthu safunsa, amangosuntha katani.

Tsiku la mayeso wotchi sinaloledwe kulowa, choncho anaisiya ndi ine. Tinadikira ndi amalume pabenchi pafupi ndi msika, ogulitsa zipatso akukuwa mitengo yawo, nkhunda zikuyenda pakati pa mapazi athu ngati zili ndi lendi yolipira. Ndinaigwira wotchiyo mpaka inatentha. Amayi anatuluka atavala juzi yawo ya kutchalitchi, koma pakhosi pankaonekera kolala yoyera. “Ndawalemba onse,” anatero. “Mmodzi yekha ndi amene ndinamupepesa, koma chamumtima, cholembera chikuyenda.”

Zotsatira zinabwera sukulu itatsegulira. Anakhoza. Panali mapepala ena ndi miyezi ina yodikira asanalowe mu wodi yeniyeni, koma wotchi sinapite ku Zomba. Emvulopu ija inapita ndithu, popeza adiresi inali italembedwa kale, koma munalowa masokosi ndi zolembera. Bukulo lili kwa amayi mpaka lero, pashelefu imodzi ndi nyimbo za kutchalitchi, ndipo mtsikana wathu, amene mwina ndi mwamuna wa ndevu, akupemphereredwabe.

Ine ndinayenda chaka chonse ndikuuza aliyense wofuna kumva kuti ndinachiritsa amayi matenda opinda manja. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Patapita zaka zisanu ndi zinayi ndinakwera basi kuchokera ku koleji ndi zikwama ziwiri pakati pa teremu, n'kuwapeza patebulo lomwe lija akulemba mashifiti awo pakalenda, wotchi ili pachifuwa. Ndinati ndili ndi nkhani. Anaika cholembera pansi, n'kupinda manja pamiyendo, n'kupendeketsa mutu. Ndinalankhula nthawi yaitali, zomveka ndi zosamveka, ndipo sanandifunse tsiku limene ndinasiya koleji kapena malikisi amene ndinapeza. Nditamaliza anati, “Aa, pepa mwanawe,” kenako anafunsa chimene chikundipweteka.

Mwana uja wa cholembera chofiira akanakhalapo akanawachongera kuti alakwa, chifukwa funso silinali limenelo. Iye ankadziwa batani lililonse la wailesi ija, koma sankadziwa kuti chimene ankalimbana nacho holide yonse kuti achichotse mwa amayi ake, tsiku lina adzakwera basi kukachifuna.