Wani ndi Thu pa Kamera Yathu

Kamera ija inabwera pathu ndi mlongo wanga wamng'ono, yemwe amayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Lusaka. Mapepala a katundu akachedwa pa boda, iye amasiya thiraki pamzere n'kubwera kudzagona kwathu pa boma. Tsiku lina anafika ndi kachikwama kakuda paphewa. Anati kamerayo anaipeza kwa mnzake wa ku Chipata, koma chiitengereni palibe chimene anajambula kupatula matayala ophulika. Anandipatsa ine. Kungoti anandipatsira pamaso pa amuna anga, ndiye kuyambira tsiku lomwelo iwo anayamba kuitchula kuti mphatso ya banja.

Ine ndine namwino, ndipo kuno ku Mchinji ndinachita kutumizidwa kuchokera kwathu ku Ntcheu. Amuna anga ndi aphunzitsi a pulayimale, komanso ndi amene amaphunzitsa mpira timu ya pasukulu pawo. Zokonda zathu zinasiyana msanga. Ine ndinkafuna nkhope za anthu: makanda a anzanga a kuntchito, amayi a kwaya tikasoketsa yunifolomu yatsopano, atsikana pa zinkhoswe zawo. Iwo ankafuna mpira basi.

Kamera imeneyi imasankha yokha chinthu choti chioneke bwino pachithunzi. Pagalasi lakumbuyo pamatuluka kabokosi kobiriwira, ndipo chimene kabokosiko kagwira ndi chimene chimatuluka bwinobwino, zina zonse zimatuluka mwachimbuuzi. Nditadinadina mabatani kwa masabata angapo, ndinapeza njira yoitchera kuti kabokosi kazisaka nkhope, kakaipeza kazikhazikika padiso n'kudikira chala changa. Amuna anga nawo, ataona kuti osewera mpira sadikira munthu, anaitchera kuti kabokosi kazithamangitsa chilichonse choyenda. Kufika poti utchere zimenezo kunali kulowa menyu imodzi mkati mwa inzake, ngati kufunafuna nyumba ya munthu m'tauni yachilendo. Aliyense ankatchera zake mwakachetechete, akamaliza n'kubwezera kamera m'kabati osauza mnzake kanthu.

Oyamba kulira nazo anali iwo. Loweruka lina anatenga kamera ine nditangojambulira mwana wa mnzanga dzulo lake. Timu yawo inkasewera ndi sukulu ina imene inali itawavutitsa kwa zaka, ndipo chakumapeto kwa masewero anachinya chigoli chopambanira. Amuna anga anali ataima malo abwino, anadina pa nthawi yake. Anabwera kunyumba akuimba, asanavule n'komwe nsapato n'kundiitana kuti ndidzaone. Titatsegula chithunzicho, wochinya uja anali ngati utsi, mpira osaoneka kumene uli. Chooneka bwino chinali nkhope ya mayi wina wogulitsa nzimbe kuseri kwa golo, akutafuna katundu wake yemwe, diso limodzi atatsinzina. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwo sanaseke. Anati kamera ndaiphunzitsa miseche, n'chifukwa chake imangoyang'ana anthu kumaso m'malo mogwira ntchito. Patapita masiku anakamuonetsa mayi uja chithunzicho pafoni, ndipo iye anakondwa kwambiri moti anawapatsa nzimbe yathunthu, imene tinadya tonse pakhonde.

Yanga nthawi inafika pa chinkhoswe cha mwana wa mnzanga wa kuntchito, kumudzi kwawo ku Mkanda. Mnzangayo anali atauza abale ake onse kuti asavutike ndi wojambula, akubwera ndi katswiri wa ku boma. Ndinafika mochedwa, mwambo utayamba kale, ndiye ndinangotulutsa kamera n'kuyamba kudina osayang'ana mmene amuna anga aisiyira. Itakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku, tambala wa kuchimuna anayamba kukupiza mapiko, ndipo kabokosi kanga kanamulumphira n'kukana kumusiya. Tambalayo anatuluka nthenga iliyonse ikuoneka, ankhoswe onse awiri ali mbuu. Anyamata ovina kumbuyo anatuluka bwino, koma eni chinkhoswe, amene anakhala phee pampando mwaulemu, anatuluka ngati ukuwaonera pagalasi lonyowa. Nditazindikira chimene chachitika ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango n'kuyamba kusaka menyu ija, thukuta lili kamukamu, uku nthungululu zikumveka za zinthu zimene ndimayenera kujambula. Zithunzi zabwino ndinazipeza ndithu, koma zinali za kumapeto, anthu atatopa.

Mnzanga uja sanakwiye. Anangoti mwamwayi ukwati weniweni ukadalipo. Koma kuntchito nkhani inafala, ndipo kwa nthawi ndithu ankati aliyense wofuna chithunzi cha nkhuku yake andipeze.

Zitatero tinakhala pansi n'kupangana kuti aliyense akamaliza kujambula, azibwezera kamera mmene mnzake amaifunira. Panganolo linali labwino pakamwa pokha. Iwo akabwera ku mpira amakhala ndi nkhani zambiri za oyimbira, ine ndikabwera ku chinkhoswe miyendo imakhala itatupa. Palibe amene ankakumbukira. Komanso ine sindinkadziwa bwinobwino mmene iwo amatchera zawo, moti tsiku lina pofuna kuwakonzera ndinaisokoneza mpaka kabokosi kanasowa. Sitinakanganepo kwenikweni, koma funso loti wagwira komaliza kamera ndani linkamveka m'nyumba mwathu kuposa moni.

Yankho ndinalipeza m'minibasi. Ndinkapita ku Lilongwe ku maphunziro a ntchito, ndipo minibasi inkachedwa kudzaza pa depoti. Kondakitala ankangoti tikunyamuka pompano, dalaivala akuliza injini kuti atinamize. Posowa chochita ndinatulutsa kamera n'kuyamba kutembenuza kagudumu ka pamwamba. Pakagudumupo panali zilembo zitatu za C, chilichonse ndi nambala yake, wani, thu ndi firii. Tonse awiri, ine ndi amuna anga, tinkazidumpha chifukwa sitinkadziwa ntchito yake, ndipo tinkaopa kuti tingafufute zithunzi. Tsikulo ndinafufuza pafoni n'kupeza kanema wa bambo wina akufotokoza pang'onopang'ono. Zinapezeka kuti manambalawo ndi ngati madirowa. Ukatchera kamera mmene ukufunira, umaiuza kuti isunge zonsezo pa nambala imodzi, ndipo tsiku lililonse ukatembenuzira kagudumu pa nambalayo, zako zimabwerera zonse, ngakhale wina atasokoneza chotani.

Pamene tinkadutsa pa Kamwendo n'kuti nditasunga kale zanga pa wani. Ndinayesera pa bambo wina amene anakhala pafupi nane atanyamula thumba la mtedza pamiyendo. Ndinawapempha kaye, iwo anavomera n'kukonza kolala. Kabokosi kanapita padiso pawo n'kukhazikika. Ndinasokoneza dala zonse, n'kubwereranso pa wani, kanapitanso padiso pomwepo. Bamboyo anafunsa ngati chithunzi choyamba chinakanika, ndipo ndinawauza kuti ayi, zonse zatheka, kungoti ndine munthu wosangalala lero.

Nditabwerako ndinawaonetsa amuna anga. Anamvetsera bwino, anatchera zawo zothamangitsa, tinasunga pa thu. Anayesera pa galu wa aneba amene ankadutsa pabwalo, zinatheka. Kenako anayang'anitsitsa kagudumu kaja.

"Koma mayi," anatero, "mutu wa banja ukhala bwanji pa nambala thu?"

Ndinali nditaliganizira kale funso limeneli kuchokera ku Lilongwe. Ndinawafunsa kuti pa timu yawo nambala wani amavala ndani. Anati goloboyi. Ndinati ndiye zakhala bwino, chifukwa goloboyi ndi munthu woima malo amodzi, ngati anthu amene ine ndimajambula, pamene nambala thu amathamanga m'mbali mwa bwalo tsiku lonse. Anaseka, n'kunena kuti sankadziwa kuti ndimamvetsera akamakamba za mpira. Nambala firii tinaisiya yopanda kanthu, ndipo mpaka pano palibe amene waigwira.

Ukwati wa mwana wa mnzanga uja unachitika anthu atakolola, mphepo ya June itayamba kuwomba. Ulendo uno ndinafika m'mawa, kagudumu kali pa wani. M'tchalitchi zonse zinayenda bwino, ndinajambula mkwatibwi misozi ili m'maso, bambo ake akuyesetsa kuoneka olimba mtima. Chimene sanandiuze n'chakuti mkwati anali wa kabaza, ndipo anzake a pasiteji anali atagwirizana kuti akwati sakwera galimoto. Titatuluka panja tinapeza njinga zili ndandanda, zitakongoletsedwa ndi maluwa a mapepala ndi nsalu zoyera. Mkwatibwi anamukhazika chammbali pampando wofewa wa kumbuyo, mwamuna wake n'kukwera kutsogolo atavala suti, buluku atalimanga ndi mphira kuti lisakodwe mu tcheni. Mabelu analira onse pamodzi ndipo gulu lonse linanyamuka.

Ndinayesa kujambula, koma kabokosi kanga kankangodumphadumpha pa nkhope zambirimbiri zikudutsa, osadziwa yoti kagwire. Ndinaima pakati pa msewu, fumbi likundilowa m'kamwa. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinatembenuza kagudumu kamodzi kokha kupita pa thu, ndinaloza njinga ya akwati, kabokosi kanaigwira n'kupita nayo. Ndinathamanga m'mbali mwa msewu nsapato zili m'manja, kamera ikulendewera, ndikaima n'kudina, n'kuthamanganso. Chithunzi chimodzi chinaposa zonse zimene ndinajambulapo. Mkwatibwi akuseka pakamwa ponse, dzanja limodzi atagwira velo imene mphepo inkafuna kumulanda, lina atakumbatira mwamuna wake m'chiuno, kumbuyo kwawo njinga zina zikubwera m'fumbi lofiira ndi mapesi a chimanga m'minda.

Mawa lake titabwera ku tchalitchi ndinawapatsa amuna anga kamera kuti aone. Anadutsa za m'tchalitchi mwachangu, koma atafika pa za njinga anachedwa. Anakulitsa chithunzi chija, n'kuyang'ana masipoko a gudumu, n'kuyang'ana ine.

"Izi mwajambulira pa nambala yanga," anatero.

Ndinavomera. Ndinkayembekezera kuti andinyodola sabata yonse, koma iwo anayamba kundiuza kuti ndinaima malo olakwika. Anati chinthu chothamanga suchithamangira pambuyo, umapita kukachidikira pamene chikhotere, chifukwa pamenepo chimachepetsa liwiro n'kukuonetsa nkhope. Anatenga makapu ndi botolo la mchere patebulo n'kuyamba kundisonyeza poima. Kenako anati zimenezi sizimveka bwino pa tebulo, ndibwere Loweruka ku bwalo ndidzaone ndekha.

Ndinapita, nditanyamula ambulera ndi kampando. Zinapezeka kuti kwa iwo zinali zopepuka, chifukwa kuphunzitsa timu uku ukujambula kunkawasowetsa mtendere, pena ankaiwala kusintha osewera ali kalikiliki ndi kamera. Masiku ano ndikakhala kuti sindili pa ntchito Loweruka, mundipeza pakona ya bwalo, kagudumu kali pa thu. Malamulo a mpira ambiri sindinawamvetsebe, ndipo kawiri konse ndaombera m'manja chigoli cha timu yolakwika. Ndikatero amuna anga amangondiyang'ana kuchokera kutsidya kwa bwalo, n'kupukusa mutu, masewero n'kumapitirira.