Mpando wa baTata wasowa

Mwachoma bwanji nonse.

Lero ndamaliza kukonza mipando inayi ija imene baTata anakhoma ndi matabwa a mapaleti atawachotsa ntchito kufakitale. Ndaipala, ndaipaka vanishi, yonse ndaiveka chitenge chofanana. Wa baTata unali ndi mwendo umodzi waufupi, ndiye ndaukhomera kathabwa kuti uleke kugwedera.

Masana kwabwera mlamu wanga Esnati, mkazi wa m'bale wanga Mabvuto. Wayang'ana mipando yonse, kenako wakhala pasimenti. Akuti, "Sinidziwa wa apongozi ni uti, ningankhalepo mwangozi."

BaTata nawonso ayesa uliwonse, koma palibe umene ukugwedera. Sanakalipe. Angoti, "Yaoneka bwino, mwana wanga," n'kutenga chigubu kukakhalira panja.

Abale, kathabwa kaja ndikachotse?