Tsiku Limene Ndinagenda Apongozi Anga

Ndinakulira ku Kapata, m'tauni ya Chipata, koma ndinakwatiwa kumudzi kumene kuli damu laling'ono lopanga magetsi. Kwathu malaiti tinkangowaona akuyaka ndi kuzima, osadziwa kumene amachokera. Kuno ndinaona ndi maso anga. Madzi amalowa m'chipaipi chachikulu n'kutsikira m'kanyumba ka makina, ndipo mawaya amachoka pamenepo kupita ku kiliniki, ku chigayo ndi ku nyumba zingapo. Sukulu ndinalekezera giledi faifi, choncho za makinawo sindidziwa zambiri. Chimene ndinaphunzira msanga ndi sayirini.

Kuseri kwa khoma la damu kumadzaza mchenga. Ukachuluka, bambo amene amayang'anira damulo amatsegula geti la pansi kuti madzi aukokolole. Asanatsegule amaliza sayirini katatu, mopumira. Ikalira kachitatu, kamtsinje kamene kamalekeza m'akakolo kamasanduka chimadzi chofika m'chifuwa. Apongozi anga aakazi anandiuza zimenezi sabata yoyamba yomwe.

"Ukamva ikulira, usati ndimalize kaye kutsukuluza," anatero. "Siya zonse, kwera kumtunda. Zovala timagula."

Apongozi aamuna anali mphunzitsi wopuma ntchito. Anaphunzitsa zaka zambiri cha ku Tamanda, ndipo mpaka lero anthu amawatchula kuti aphunzitsi. Pa zaka ziwiri zimene ndinali nditakhala pakhomo pawo, ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso. Ndiwo mwambo wa kuno. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada m'maudzu mpaka adutse. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkadzera kwa amayi, apongozi aakazi aja. Akazi ena mwambowu umawalemera, koma ine unkandikomera, chifukwa ndine wamanyazi chibadwire. Ngakhale kumsika ndimalephera kunenerera mtengo.

Panali chinthu china chimene aliyense ankachidziwa koma osachinena: makutu a aphunzitsi anali atayamba kugontha. Iwo ankakana. Ankati anthu a masiku ano amalankhulira m'chifuwa.

Tsiku limenelo linali Loweruka, mvula itangosiya, anthu ali kalikiliki kukumba mtedza. Amuna anga anali atapita ku tauni kukagulitsa tomato. Ine ndinatsikira kumtsinje ndi beseni la matewera, mwana wanga wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu ali kumbuyo. Pamalo ochapira azimayi ndinali ndekha. Malo osambira azibambo ali kumunsi pang'ono, pokhota mtsinje, kuseri kwa bango. Pali mwala waukulu wafulati pakati pa madzi. Mkazi safika kumeneko. Ndikuchapa ndinaona aphunzitsi akudutsa ndi njinga yawo, thaulo lili m'khosi, ndipo ndinayang'ana kumbali monga mwa masiku onse.

Sayirini inalira koyamba ndili pa thewera lachinayi. Ndinanyamula beseni n'kukwera kumtunda. Nditaima pamwamba ndinaona njinga ija itatsamira mtengo, shati ili pa handulo. Kuseri kwa bango kunkamveka nyimbo ya kutchalitchi, mawu aakulu a munthu amene akusangalala ndi madzi ozizira. Sanamve kanthu.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwamuna aliyense woti ndimutume. Kunalibe. Kuthamangira ku damu kunali kutali, ndikanafika geti atatsegula kale. Ndinaika beseni pansi n'kutsetsereka mpaka pafupi ndi bango lija.

"Odi kumadziko," ndinatero, monga amachitira munthu akamayandikira posambira.

Mawu anga anali aang'ono moti ngakhale mwana kumbuyo sanadzuke. Nyimbo inapitirira. Sayirini inalira kachiwiri.

Mpaka lero ndimadziseka ndikakumbukira zimene ndinachita kenako. Ndinagwada. Ndinafulatira mtsinje, n'kugwada bwinobwino pamchenga, manja pamodzi, n'kunena kuti, "Atate, pepani, akuti atsegule madzi." Ndinkalankhula ndi mitengo. Atate anali atayamba ndime ina.

Sayirini inayamba kulira kachitatu. Ndinaona mwala pafupi ndi bondo langa koma ndinaopa kuwapweteka, ndiye ndinakumba dothi lonyowa la m'mphepete n'kuliumba ngati mpira. Ndinaliponya chambuyo, modutsitsa paphewa, osayang'ana. Linagwera m'madzi. Lachiwiri linagwera m'bango. Lachitatu ndinamva kuti phwa, ndipo nyimbo inaduka.

"Ndani ameneyo?" Anali mawu a m'kalasi, aja oimitsa ana pamzere.

"Ndine, atate. Atsegula damu."

"Ati chiyani?"

Pamenepo cha ku damu kunayamba kumveka mkokomo ngati lole ikubwera patali. Ndinaimirira, ndinatembenuka, ndinakankha bango ndi dzanja. Ndinaona mutu woyera ndi thovu la sopo, dothi langa lili paphewa. Mwamwayi anali ndi kabudula wamkati. Ndinaloza kumene kunkachokera mkokomowo n'kukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Tulukani m'madzi! Thamangani, atate!"

Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Aphunzitsi anatsata chala changa ndi maso, ndipo anaona madzi ofiira akubwera ndi zinyalala ndi nthambi. Sindinkadziwa kuti munthu wa msinkhu wawo angadumphe miyala chotero. Anafika kumtunda madzi akuwanyambita zidendene. Ine ndinali nditakwera kale, nditafulatiranso.

Iwo anabisala kuseri kwa chitsamba, ine ndinaima pafupi ndi njinga, madzi akungokokoma. Kenako anatsokomola.

"Amake mwana, muli pomwepo?"

"Ndili pano, atate."

"Buluku langa lapita ku mtsinje wa Luangwa. Nsapato ndi thaulo zaperekeza."

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndipepese. Ndinali nditavala zitenje ziwiri, choncho ndinamasula chapamwamba, cha maluwa achikasu, n'kuchikoleka pa nthambi pamodzi ndi shati yawo. Ndinasenza beseni langa n'kuyamba ulendo wa kumudzi. Kumbuyo ndinkamva tcheni cha njinga chikulira pang'onopang'ono.

Njira ya kumudzi imadutsa pakati pa minda ya mtedza. Azimayi onse amene tinawadutsa anawerama kwambiri tsiku limenelo, ngati mtedza wathawira pansi. Palibe anadzutsa mutu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Aphunzitsi ankapereka moni kwa aliyense mwaulemu, shati atamanga mabatani mpaka m'khosi, chitenje cha maluwa m'chiuno, kumapazi kulibe nsapato.

Titafika ndinalowa m'khitchini n'kukhala pakona. Mantha anandigwira tsopano. Ndinali nditafika posambira azibambo, nditagenda apongozi, nditawakalipira ngati mbuzi yolowa m'munda. Ndinkaganiza kuti aitanitsa ankhoswe, ndipo mayi anga ku Kapata amva kuti mwana wawo alibe mwambo.

Amayi analowa nkhope ili gwa.

"Ndamva kuti wagenda aphunzitsi."

"Linali dothi lofewa, amayi."

"Kangati?"

"Katatu. Koma lowakhudza ndi limodzi."

Anayesa kulimbitsa milomo koma zinakanika. Anakhala pa mtondo n'kuseka mpaka misozi, akupukuta ndi mpango. "Mwana iwe," anatero, "ine zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kuwagenda bambo amenewa, mpata osaupeza. Iwe wangobwera dzana."

Dzuwa litapendeka anandiitana kukhonde. Amuna anga anali atabwera, ndipo nkhani anaimvera kale pa chigayo. Anakhala pambali akuluma mlomo. Ndinagwada patali, maso pansi. Aphunzitsi anali pa mpando wawo, atavala buluku la ku tchalitchi, nkhuku yoyera ili pamiyendo.

"Senderani kuno, amake mwana," anatero.

Ndinasendera pang'ono.

"Senderaninso. Kumeneko n'kutali ndi makutu anga." Anayang'ana amayi. "Eya, ndanena. Makutu anga anatha. Mwasangalala?"

"Ife tinadziwa kalekale," amayi anayankha.

"Sayirini ija ine sindinaimve ngakhale kamodzi. Lolemba ndipita kwa bambo wa ku damu. Aike mlongoti pamwamba pa khoma, azikweza nsalu yofiira asanatsegule, kuti ife ogontha tiziona. Sindili ndekha m'mudzi muno." Kenako anatambasula manja n'kundipatsa nkhuku ija. "Iyi ndi yotsegulira pakamwa. Kuyambira lero muzilankhula nane nokha, osadzera kwa amayi anuwa. Amawonjezera zawo."

Kuno mpongozi akakupatsa mphatso yotere pamaso pa anthu, ndiye kuti wakumasula. Akazi ena amadikira mpaka ana atatu. Ndinalandira nkhukuyo ndi manja awiri, ikupalapata.

"Zikomo, atate," ndinatero.

Anaika dzanja kukhutu. Amuna anga anaphulika kuseka.

"Kweza mawu," anatero amayi. "Kumtsinje unawapeza kuti?"

Ndinapuma mpweya wambiri n'kubwereza mokweza, mpaka agalu a nyumba yoyandikana anauwa. Aphunzitsi anagwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona," anauza amayi. "M'nyumba muno muli munthu mmodzi yekha amene amalankhula zomveka."

Lolemba anapitadi ku damu, ndipo anati ndiwaperekeze kuti ndikafotokoze zimene ndinaona. Ndinafotokoza maso ali pansi, koma ndinamaliza. Bambo wa ku damu anamvetsera ali chiimire m'ovolosi yake, n'kunena kuti kuwonjezera pa nsaluyo aziyamba watsika yekha kukasuzumira pokhota paja. Pobwerera aphunzitsi sanakwere njinga. Anaikankha pambali panga njira yonse, akundifunsa za kwathu ku Kapata, za mayi anga, ndi chifukwa chimene ndinasiyira sukulu. Ndinayankha zonse mokuwa, ndipo pofika kunyumba mudzi wonse unali utadziwa mbiri yanga.