Impala Yopanda Malamba

Amuna anga adagula Impala ya 1959 ine ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Anzawo nthawi ngati imeneyo amagula bedi la khanda, koma iwo adabwera ndi chigalimoto cha ku Amereka, chofiira, chachitali ngati bwato, cha zipsepse ziwiri zogona kumbuyo. Mumsewu wathu ku Bradford, wa nyumba zogundizana zija, sichinkakwana n'komwe. Adachita kuchipezera galaja ya lendi, ife zovala tikuyanika m'bafa.

Mbiri yake ndidaiphunzira ndisakufuna. Ndikaweruka kuchipatala miyendo itatupa, ankandilonjera ndi nkhani yoti Impala yoyamba idatuluka mu 1958 ndi magetsi atatuatatu kumbuyo, ya 1959 n'kubwera ndi magetsi onga maso a mphaka, ya 1960 n'kubwerera ku atatu aja. Injini inali ya masilinda asanu ndi atatu, giya pachiwongolero, chiwongolerocho kumanzere, mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi ya m'tchalitchi. Munthu amene tsiku langa la sikelo ankaliiwala sadasokonezepo chaka n'chimodzi chomwe.

Chimene sadandiuze n'chakuti galimotoyo inalibe malamba a m'mipando. Mwana wathu wamkazi atabadwa ndidamva kuti lamulo la kuno sililola mwana wosakwana zaka zitatu kukwera galimoto yotero. Makaniko wina ku Wakefield adati malambawo angathe kuika, bola aboole pansi pa galimotoyo.

"Bambo, tiyeni akaboole basi," ndidatero.

"Mayi, mukudziwa chimene mukunena? Galimoto imeneyi idachoka kufakitale ilibe malamba. Ikabooledwa yatha ntchito, si orijino."

"Nanga mwanayu?"

"Akula ameneyu. Galimoto siithawa."

Basi, nkhani idathera pomwepo. Lamulungu lililonse iwo ankatsogola okha pampando wokwana anthu atatu, ine n'kumakankha ngolo ya mwana kupita pokwerera basi, mvula ya ku Bradford ikutimenya cham'mbali. Tikafika kutchalitchi tinkawapeza panja boneti ili yasa, abambo anzawo atawazungulira, akuweramira injini ngati kuli mbiri ya chipulumutso. Amayi ankandiuza kuti ndili ndi mwayi, poti mwamuna wokonda galimoto sayenda m'mabala. Ndinkangoseka nawo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kunena zoona, galimotoyo ndidaida chidani chimene sindidadanepo nacho munthu. Mkazi mnzako ungathe kumulalatira, nanga chitsulo ungachitani nacho?

Mwanayo adaphunzira kuyenda, kenaka kuyankhula. Ankadziwa basi yathu ikadali patali, ankadina yekha belu lotsikira, ndipo woyendetsa wina wa ndevu zoyera ankamusungira moni wake. Bambo ake ankawadziwira pa phokoso la injini likamachoka.

Atakwanitsa zaka zitatu, bambo ake adadzuka ndi chisangalalo. Lamulo tsopano linkamulola kukhala kumbuyo. Adaipukuta galimoto mpaka kuwala, n'kuiimika pakhomo moti idatseka theka la msewu. Adayala chitenje changa pampando kuti mwana asaudetse, n'kutsegula chitseko mwaulemu ngati akulandira nduna.

"Bwera, mwana wanga, lero ndi tsiku lako. Koma uyambe wavula nsapato."

Mwanayo adasuzumira m'katimo, adayang'ana bambo ake, kenaka n'kubwerera chafutambuyo mpaka kudzagunda miyendo yanga. Bambo akewo adamunyengerera m'Chichewa, adamunyengerera m'Chingerezi, mpaka adamulonjeza aisikirimu. Iye adangondigwira chala n'kumandikokera kumsewu.

"Mummy, bus," adatero.

Amuna anga adandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndiwayankhulire. Ndikadatha, pakuti mwanayo ankamva chilichonse chochokera pakamwa panga. Koma ndidawerama, ndidamumanga mabatani a jekete mpaka m'khosi, ndipo tidanyamuka. Titakhota pakona, chitseko chija chinali chikadali chotsegula.