Tsiku Limene Adalaivala Anakana Kudina Batani

Chaka chimene ndinabwerera kumudzi kuchokera ku koleji, achemwali anga aakulu anali atatopa naye tiyi. Munda wathu uli kumunsi kwa esiteti, cha kwa Khwethemule, ndipo tiyi wake anadzala ndi malemu bambo athu. Vuto silinali mundawo ayi, linali lole ya kufakitale. Alimi ang'onoang'ono timathyola masamba m'mawa n'kukawasiya pa shedi kuti lole idzatenge. Koma m'dzinja loleyo inkabwera ikafuna. Ikapanda kubwera, masamba ankatenthana m'matumba n'kufiira, ndipo mawa lake kufakitale ankawakana.

"Akangopsanso kamodzi, ndizula tiyi yenseyu ndidzale chimanga," anatero achemwali. Ndipo achemwali anga sanena chinthu kawiri.

Mtima unandipweteka, chifukwa m'munda umenewo ndi mmene ndinaphunzirira kuyenda. Ndiye ndinati sukulu yanga ija ioneke. Ndinapanga kapulogalamu ka pafoni ka mabatani awiri basi. Dalaivala akadina lobiriwira m'mawa, alimi aona pa mafoni awo kuti lole ibwera, athyole. Akadina lofiira, asadzivute.

Pa laputopu yanga kankayenda bwinobwino. Koma uthenga wa dalaivala unafunika pokhala, pamalo oti foni ya aliyense ifikepo. Ndinasankha nkhokwe ya pa intaneti, imene kusukulu tinkati databesi. Imeneyi imasunga uthenga umodzi pa makompyuta angapo a m'mayiko osiyanasiyana, kuti imodzi ikazima zinazo zizigwirabe.

"Ngati mmene ndimasungira mbewu ina kwa amayi, ina kwa azakhali?" anafunsa achemwali.

"Eya, chimodzimodzi!"

"Bola zigwire, iwe. Masamba sadikira Chingelezi chako."

Kulumikiza kapulogalamu kanga ku nkhokweyo ndiye kunandionetsa zakuda. Kwathu netiweki yamphamvu imagwira pamtunda pokha, m'mbali mwa msewu wa esiteti, pafupi ndi mitengo ya bulugamu. Ndinkakhala pamenepo, laputopu pamiyendo, bandulo ikungotha. Poyamba nkhokwe inakana pasiwedi yanga. Nditaikonza, inayamba kukana foni yanga, ati sikuidziwa, chifukwa netiweki ikangoduka n'kubwerera foniyo inkaoneka ngati ya mlendo. Ndinaitukwana laputopu ija, Mulungu andikhululukire. Azimayi othyola tiyi wa esiteti ankadutsa, madengu kumsana, n'kumandifunsa kuti, "Achimwene, mukukangana ndi ndani?"

Masana ena ndinadina batani lobiriwira, mtima uli m'mwamba. Kenaka ndinamva kukuwa kuchokera kumunsi. Anali achemwali, atatukula foni yawo m'mwamba. "Zalemba! Iwe, zalemba kuno!" Mawu anga anali atawoloka nyanja, n'kubwerera kudzagwera m'foni ya achemwali, pamtunda woti munthu akhoza kungofuula. Ndinasiya laputopu pa udzu n'kuvina tchopa pakati pa msewu, ndekhandekha, popanda ng'oma. Azimayi aja anaseka mpaka wina anatula dengu.

Mawa lake ndinakaika kapulogalamuko m'foni ya adalaivala a lole. Anali bambo aakulu a imvi, mkulu wa mpingo kwawo ku Khonjeni. Ndinawaonetsa mabatani aja, iwo n'kumangogwedeza mutu. Ine ndinaona ngati tamvana.

Kutacha, pa foni panalibe kanthu. Achemwali anaima pakhomo ndi dengu, kundiyang'ana. "Ndithyole kapena ndisathyole?" Ndinathamangira pamtunda paja kukafufuza. Nkhokwe inali bwinobwino, koma yopanda kanthu. Adalaivala sanadine! Ndinapsa mtima koopsa. Ndinakwera kabaza mpaka pa geti la fakitale, n'kuwapeza akupukuta galasi la lole, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Bambo, bwanji simunadine?"

Anandiyang'ana kaye. "Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

Ndinachita manyazi, ndinayankha moni uja, n'kufunsanso mwaulemu.

"Ndinayesa dzulo lija," anatero. "Chikungolemba kuti 'Lole ibwera.' Basi? Pa shedi paja pali azimayi aakulu kuposa ine. Ena ndi apongozi a mng'ono wanga. Ndiwadzutse m'mawa popanda moni, ngati ndikuitana nkhuku? Ayi, ine sanandilere choncho."

Ndinafuna kuwafotokozera kuti iyi ndi foni chabe, koma ndinaona kuti ndikutaya malovu. Tsiku limenelo lole inadutsa pa shedi yathu popanda tsamba lathu ndi limodzi lomwe. Ndinangomva achemwali akufunsa amayi ngati mbewu ya chimanga ija ilipobe.

Ndinabwereranso pansi pa bulugamu paja. M'nkhokwe ndinawonjezera malo a mawu, oti adalaivala azijambula moni waufupi asanadine batani. Ndinachita kuupanikiza kuti ukhale wopepuka, netiweki yathu yaulesiyi iukwanitse. Madzulo ake ndinakawaonetsa adalaivala aja.

M'mawa mwake foni ya achemwali inalira tili pakhonde. Munamveka mawu a adalaivala, odekha, kuyamba m'Chilomwe, kenaka m'Chinyanja: "Mwadzuka bwanji nonse a pa shedi? Ife tadzuka. Mvula yatisiyira msewu, ndiye lero tibwera. Thyolani."

"Tadzuka bwino, kaya inu abambo," anayankha achemwali, n'kupinda maondo pang'ono, foni ili m'manja. Kenaka ananditembenukira. "Andimva?"

"Ayi, iyi imangolandira."

"Aa! Munthu wakupatsa moni, iwe osayankha? Ukakonze zimenezo." Anatenga dengu, ulendo kumunda.

Pa shedi tsiku limenelo panali ngati pa ukwati. Aliyense anabwera ndi masamba obiriwira, ozizira, ndipo nkhani inali ya moni uja. Amene analibe foni zazikulu anali atamvera kwa anzawo, ena mobwerezabwereza. Lole itatulukira pakona, azimayi analulutira. Adalaivala anatsika monyadira, n'kupatsanso moni aliyense ndi dzanja, ngati kuti sanalankhule nawo m'mawa. Masamba a achemwali anakwera pa sikelo, anakwera m'lole, palibe amene anawakana.

Batani loyankhira ndinaliikadi sabata yomweyo, ndipo mpaka lero makompyuta a kunja aja amasunga mawu a azimayi a kwathu akufunsa adalaivala za bondo lawo limene limawavuta.

Loweruka lotsatira achemwali anandidzutsa kusanatenthe. Pakhomo panali wilibala yodzaza ndi mbande za tiyi m'machubu, zimene anakatenga ku nazale.

"Siya laputopu," anatero. "Mzere wa kumtsinje uja, umene bambo anafa asanaumalize, tikaumalize lero."